Anamupezera Nyumba Pafupi ndi Ntchito

Dzina loti Nazenera anamupatsa ndi makondakitala. Nyumba yake inali kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene msewu wa tala umatopa n'kusanduka fumbi, ndipo minibasi zinkayambira ulendo komweko. Choncho m'mawa uliwonse iye ndiye ankayamba kukwera, n'kukhala kuzenera, chikwama pamiyendo. Madzulo pobwerera ankalola minibasi zodzaza kumudutsa mpaka ifike ya malo amene ankawafuna. Anthu pa siteji ankati mayiyu ndi wamatama. Iye sankatsutsa, chifukwa kutsutsa n'kuyankhula, ndipo sankakwerera minibasi kuti aziyankhula.

Ntchito yake inali yosita. Ankagwira pa kampani ina yochapa nsalu za m'mahotela, m'chipinda chachitali chodzaza nthunzi. Nsalu za pabedi, za patebulo, malaya a operekera zakudya, mayunifolomu a alonda, zonse zinkadutsa pansi pa simbi yake. Anayamba ntchitoyi ali ndi mwana kumbuyo, ndipo pamene nkhani yathu ikuyamba mwana uja anali ndi wakewake. Mitsempha ya m'miyendo inali itatupa chifukwa choimirira, mkono wamanja unali wokulirapo kuposa wamanzere, ndipo kolala ya malaya ankaidziwa bwino kuposa nkhope za achibale ena.

Ulendo wa pakati pa nyumba ndi ntchito sunali woti munthu wanzeru zake n'kuukonda. Msewu wolowa mumzinda anaukonza kalekale, eni magalimoto akadali ochepa moti ankadziwana mayina. Tsopano magalimoto ankangoti mdipiti kuchokera pa mlatho mpaka pa maloboti, akulizirana mahutala ngati kuti wakutsogoloyo waima chifukwa chokonda malowo. M'kati mwa minibasi, chigongono cha wina chinkakhala m'nthiti mwako, chidebe cha wina pa phazi pako, ndipo nthawi zina mlaliki ankaimirira chowerama n'kuyamba kukuchenjezani za kumoto ngati kuti simuli kale komweko. Ana asukulu ankawodzera pamapewa a anthu osawadziwa. Achinyamata ankayang'ana nthawi pa foni n'kumadya zikhadabo. Azibambo a mataye ankafika ku maofesi atayambana kale ndi theka la mzinda, n'kukamalizira mkwiyo pa mlembi wosalakwa.

Koma m'menemo munali chinthu chimodzi chimene Nazenera sankachipeza kwina kulikonse: munalibe womuitana. Kondakitala ankamufuna kamodzi kokha, akatero n'kumuiwala. Iye ankatsamira mutu pa galasi n'kumaona ogulitsa akuyala katundu, agalu akuwoloka msewu mwanzeru kuposa anthu, zikwangwani za azimayi osekerera chifukwa cha sopo. Mayi ake atamwalira, pamaliro sanapeze mpata wolira chifukwa alendo anafunika kudya. Analirira pa galasi lomwelo kwa mwezi wathunthu, anthu n'kumayesa kuti ndi utsi. M'minibasi ndi mmene ankakangana ndi amuna ake chamumtima n'kupambana. Ndi mmene ankapemphera. Masiku ena sankaganiza chilichonse, ndipo amenewo ndiwo anali masiku okoma kwambiri.

Kunyumba kunali anthu anayi, aliyense ndi kaitanidwe kake. Amuna ake anali atapuma pa ntchito yokonza mapaipi, ndipo anthu ankawatcha a Katswiri chifukwa ankakonza chilichonse, ngakhale chosawonongeka. Wailesi ikalira bwino ankaimasula kuti aone chifukwa chake. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosamenya, wokonda mkazi wake ndi mtima wonse, koma chikondi chawo chinali ndi manja okhaokha, makutu chinalibe. Panalinso apongozi, bambo awo a Katswiri, okalamba oyendera ndodo, amene tsiku lonse ankakhala pa benchi la ometa tsitsi pafupi ndi siteji, akukonza dziko ndi anzawo. Mwana wamkazi wa Nazenera anali atabwerera pakhomo banja litatha, ndipo ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato mumzinda. Womaliza anali mdzukulu, kamtsikana ka miyendo yotuwa, kamene kankasewera mumsewu wafumbi ndi anzake mpaka kukaitanidwa ndi mawu aukali.

Tsiku lina kutatentha, Nazenera anachita chizungulire ali pa simbi, anzake n'kumukhazika pa mtolo wa nsalu. M'mawa mwake a Katswiri anavala jekete n'kumuperekeza kuchipatala. Namwino anamumanga mkono, nayang'ana makina, n'kupukusa mutu kuti magazi akuthamanga. Kwa dokotala a Katswiri analowa nawo, ndipo pofuna kuti mkazi wawo asatope, mafunso onse anayankha okha. Dokotala atafunsa ngati mayiwo amagona bwino, iwo anati sagona. Atafunsa ngati amadya, iwo anati amangolawa. Atafunsa chimene chikuwavutitsa maganizo, a Katswiri sanachedwe n'komwe.

"Msewu, adokotala. Amachoka kunja kusanayere, amabwera kutada. Akafika amangokhala duu."

Dokotalayo anali atangofika kumene mochedwa, malaya atanyowa ndi thukuta la mumsewu womwewo, ndiye anamva ngati wapeza m'bale wake. Anaika cholembera pansi n'kufotokoza mmene phokoso, utsi ndi kuthithikana zimadyera munthu pang'onopang'ono, mmene zimabera tulo, mmene zimafupikitsira mtima. Zonsezo zinali zoona, palibe angatsutse. Azibambo awiriwo anagwirizana kwambiri moti anatsala pang'ono kupatsana manambala a foni. Nazenera anatsegula pakamwa kuti anene mbali yake, koma namwino anali atatsegula kale chitseko kuti alowe wotsatira.

A Katswiri anapeza chowonongeka, ndipo munthu ngati ameneyo akapeza chowonongeka sagona. Anapangana ndi mwana wawo wamkazi mwakachetechete, nayenda mzinda wonse, mpaka anapeza nyumba ya lendi kuseri kwenikweni kwa kampani yochapa ija. Anamuuza Nazenera zonse zitatheka, nkhope zili mwee, akudikira kuti alumphe ndi chimwemwe. Azimayi a kutchalitchi atamva anati mwamuna ngati ameneyu sapezekanso masiku ano, wina mpaka anagwetsa msozi poganizira wake. Nazenera anathokoza monga mmene mkazi woleredwa bwino amathokozera. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa anali wina, wodya phula n'kukhala wina.

Nyumba yatsopanoyo inali ndi madzi m'kati, magetsi osavutavuta, ndi msewu waukulu pakhomo penipeni. Msewuwo anali ataukuza kumene, n'kuikapo chipupa cha simenti pakati, ndipo amene anaukonza ayenera kuti anali asanaonepo munthu woyenda pansi. Kanjira ka m'mbali kanali kodzaza ndi magalimoto oimikidwa. Malole akamadutsa makapu ankagundana okha m'kabati. Mtengo unalipo umodzi, pa chikwangwani cha kampani ya inshuwalansi.

Woyamba kugonja anali apongozi. Sabata yoyamba anavala chipewa, natenga ndodo, nati akufuna akaone ngati tsidya linalo kuli ometa tsitsi. Anafika pakati, pa chipupa chija, n'kukanika kupita kutsogolo kapena kubwerera. Anaima pamenepo dzuwa likuwaotcha, magalimoto akuwapemerera mphepo uku ndi uku, mpaka mayi wina wogulitsa zipatso anawagwira dzanja n'kuwabweretsa ngati mwana wosochera. Kuchokera tsiku limenelo sanatulukenso. Anaika mpando m'kakhonde ka m'kati, moyang'anizana ndi khomo la kukhitchini, n'kuyamba kufunsa kuti lero ndi lachingati. Nkhani zonse zimene kale ankazitaya pa benchi la ometa, za maboma akale, za anzawo amene anatsogola, za bondo lawo, tsopano zinali ndi womvera mmodzi.

Mdzukulu analetsedwa kutuluka pageti, ndipo chiletsocho chinali chanzeru, chifukwa kunjako mwana sakanatha tsiku ali wamoyo. Miyendo yake inayera, aliyense n'kuyamikira. Kenako anayamba kumenyetsa mpira kukhoma kwa maola, kulira popanda womumenya, kudzuka usiku akukuwa lole ikadutsa. Masana ankagwira chitenje cha agogo ake n'kumawatsata mpaka pakhomo la kubafa. Mayi ake a mwanayo, amene ulendo wawo wa kuntchito unafupika, anaona kuti popeza agogo ali pafupi palibenso chothamangira madzulo. Koma nawonso phokoso linkawalanda tulo, moti ankadzuka nkhope ili ndwii, n'kumayankha anthu ngati awabera.

Kuntchito nako anamva uthenga wabwinowo. Abwana anamupatsa Nazenera makiyi, poti ndiye wapafupi. Hotela ikafuna nsalu mwadzidzidzi Lamlungu, wapafupi ndiye ankaitanidwa. Nthawi ya nkhomaliro, imene kale ankaithera pa mtolo wa nsalu atavula nsapato, tsopano ankathamangira kunyumba kukaphika, chifukwa zingakhale zamanyazi kuti nkhalamba idye zozizira mpongozi ali kuseri kwa mpanda. A Katswiri anazindikiranso kuti khomo lakumbuyo la kampaniyo silitsekedwa, ndiye ankasuzumira kudzafunsa kumene kuli sizasi, kapena kungodzaona ngati mkazi wawo akupeza bwino. Maola onse amene anamupulumutsira mumsewu anthu anagawana mwachilungamo, aliyense n'kupeza gawo lake. Mwini wake yekha ndiye sanapezepo kanthu.

Pasanathe miyezi yambiri, Nazenera anayamba kudziona zachilendo. Ankaima pakati pa khitchini atagwira supuni osadziwa chimene amafuna kuchita. Mtima unkagunda ngati wathamanga, chonsecho wangokhala. Ankamva dzina lake likuitanidwa ngakhale pamene panalibe woitana, m'phokoso la mpope, m'kulira kwa makina ochapira. Tsiku lina anasiya simbi pa nsalu yoyera ya patebulo mpaka inasiya chithunzi chake chofiirira, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Madzulo ake mdzukulu atamukoka chitenje, anamukalipira ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire, mwanayo n'kukabisala kuseri kwa mpando wa apongozi. Apa Nazenera anachita mantha enieni. Anaona kuti mutu wake ukumuthawa pang'onopang'ono, ndipo anadziwa kuti ukadzathawiratu, anthu omwewa adzamuperekeza kuchipatala n'kukamuyankhira mafunso.

Chipulumutso chinabwera chikufuka utsi wakuda. M'mawa wina anatuluka kukagula buledi pa kagolosale ka pafupi ndi siteji, ndipo minibasi ina inaima pambali pake. Kondakitala wake anali mmodzi wa akalekale aja, wa dzino lothyoka. Anamuyang'ana n'kuseka, nati iwo ankayesa Nazenera anamwalira, mpaka anakambirana zopita kukapepesa. Minibasiyo inkatuluka mumzinda, ndipo nthawi ya m'mawa yotuluka imakhala yopanda anthu. Nazenera sanaganize. Anangopezeka wakhala, buledi pamiyendo, mutu pa galasi. Anafika kumapeto, osatsika, n'kubwerera nayo yodzaza, m'kati mwa mdipiti uja, chigongono cha munthu wosamudziwa chili m'nthiti. Kunyumba anati pagolosale panali mzere. Tsiku limenelo simbi inkayenda yokha.

Ndiye anayamba kunama, mayi wamkulu wokhala ndi mdzukulu, woimba nawo kwaya. Anauza a pakhomo kuti abwana akufuna azifika m'mamawa kukatenthetsa makina. Ankakonzeratu zonse, phala la apongozi m'fulasiki, yunifolomu ya mwana pa mpando, n'kutuluka kunja kusanayere monga kale. Ankapita kumapeto kwa mzinda n'kubwerako, kenako n'kulowa pa khomo la kampani imene inali kuseri kwa nyumba yake. Ena amanama kuti akamwe mowa, ena kuti akaone chibwenzi. Iye ankanama kuti akakhale pa mzere wa magalimoto. Tulo tinabwerera. Anayambanso kuseka nthabwala za apongozi, ngakhale zimene anazimva dzulo lake. Namwino atamuyezanso anati magazi atsika, ndipo a Katswiri anauza aliyense amene anakumana naye kuti nyumba yapafupi ija yagwira ntchito.

Chinaulula ndi chikondi chomwecho. A Katswiri anaona kuti si bwino kuti mkazi wodwala azidzutsidwa m'bandakucha, ndiye anavala jekete lija n'kupita kukaonana ndi abwana, mwaulemu koma molimba. Abwana anadabwa, nati makina amatenthetsa ndi mlonda, ndipo mayiwo amafika nthawi yofanana ndi anzawo, mwinanso mochedwerapo. Pobwerera a Katswiri anafunsa wa pagolosale, amene anali akudikira kalekale kuti wina amufunse. Iye anati mayiwo amakwera minibasi m'mawa uliwonse, ndipo pali kondakitala wina amene amawaitana ndi kadzina kachikondi n'kuwasungira malo. A Katswiri anabwerera kunyumba. Tsiku limenelo sanamasule chilichonse.

Mlandu unakambidwa Lamlungu masana pabalaza, mdzukulu atauzidwa kuti akasewere kuchipinda, kumene anakaima kuseri kwa chitseko n'kumamvetsera. Apongozi anakokera mpando wawo pafupi. Mwana wamkazi anakhala atapinda manja, nkhope ya munthu amene zoterezi anaziona kale m'banja lake. A Katswiri anayamba ndi mbiri ya ukwati wawo, zaka zimene akhala limodzi, mavuto amene apirira, koma lole inadutsa n'kumeza theka la mawu awo, ndiye anangolunjika pa nkhani.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Ndi ndani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga m'mawa mumapita kuti?"

"Kumapeto."

"Kukatani kumapetoko?"

"Kukabwerako."

Mwana wamkazi anayang'ana bambo ake, ndipo m'maso mwake munali mawu oti bola chikanakhala chibwenzi, chifukwa chibwenzi chili ndi mankhwala odziwika. Nazenera anaona kuyang'anako. Anadziwa kuti akapanda kuyankhula tsopano, mawa jekete livalidwanso. Anayang'ana manja ake, amene anali ndi zipsera zakale za simbi, nayankhula pang'onopang'ono.

"Muno ndikalowa, wina akuti amayi, wina akuti agogo, wina akuti apongozi. Kuntchito akuti mayi, izi n'zachangu. Sindikudandaula, ndinu anthu anga. Koma m'minibasi muja palibe amene amandifuna. Ndimangokhala. Ndi malo okhawo amene ndimamva kuti mutu uno ndi wanga."

Makapu ankagundana m'kabati. Apongozi anagwedeza mutu, mwina chifukwa chomvetsa, mwina chifukwa cha ukalamba. Nkhope ya a Katswiri inayamba kumasuka atatsimikiza kuti kondakitala wa dzino lothyoka sanawalande banja. Kenako inagwa pang'ono, ndipo kwa kanthawi kochepa Nazenera anakhulupirira kuti mawu ake alowa. Koma anaona maso awo akuyamba kuwala mmene amawalira akaona mpope ukudontha.

A Katswiri anati tsopano amvetsa zonse. Anati vuto ndi loti mkazi wawo akusowa mpweya, akulakalaka kumene ankakhala, ndipo wakhala akusenza zimenezi yekha chifukwa chosafuna kuvutitsa anthu. Anadzidzudzula kuti sanazione msanga. Anati mutu umodzi susenza denga, ndiye Loweruka likubwerali onse akwera minibasi limodzi mpaka kumapeto: apongozi akaone anzawo pa benchi la ometa, mwana akathamange pa fumbi. Apongozi anawongoka pampando ngati achotseredwa zaka khumi. Mdzukulu anaiwala kuti akubisala, n'kutulukira akudumphadumpha. Ndipo popeza iwo a Katswiri anali pa penshoni, opanda chowathamangitsa, kuyambira Lolemba la sabata inayo azimuperekeza mkazi wawo m'mawa uliwonse, kupita ndi kubwera, azicheza m'njira monga ankachitira ali pa chibwenzi.

"Simudzakhalanso nokha, mayi," anatero atagwira dzanja lake. "Ndikulonjeza pamaso pa bambo angawa."

Mwana wamkazi anapukuta m'maso. Nazenera anathokozanso. Sabata imeneyo sanakwere minibasi, ndipo mawu oitana aja anayambiranso kumveka mu mpope.

Loweruka linafika. Mwana wamkazi anapita ku nsapato zake. Apongozi anali atavala kale chipewa tambala asanaganize zolira, ndipo anameta ndevu okha, n'kudzicheka pang'ono, kuti ometa asawaseke. Mdzukulu ananyamula mpira wake. A Katswiri anatenga botolo la madzi, ambulera, ndi sipanala yaing'ono m'thumba, poti minibasi za masiku ano sungazidalire. Mwamwayi siteji ya zotuluka mumzinda inali mbali yawo yomweyo, moti panalibe kuwoloka. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa magalimoto oimikidwa, Nazenera atagwira apongozi kudzanja lina, mdzukulu kudzanja lina, kwinaku akuyankha funso la amuna ake loti kodi mpope wa kubafa watsekedwa.

Loweruka anthu ambiri amatuluka mumzinda, ndiye minibasi imene inaima inali itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala wake wachilendo. A Katswiri analowa poyamba kuti akaone ngati mipando ili yolimba, n'kukafika kumbuyo kwenikweni. Nazenera anakweza apongozi, phazi limodzi, kenako linalo, n'kuwapatsa ndodo yawo. Anakweza mdzukulu, amene anakwawa pa miyendo ya anthu mpaka kwa agogo ake aamuna. Panatsala malo amodzi, amene a Katswiri anawatchinga ndi ambulera, akukodola ndi dzanja, akumwetulira ngati mnyamata.

Nazenera anaika phazi pa chitsulo chokwerera. Kumbuyo kwake kunali mayi wina wonenepa, wa beseni la kabichi, akupuma mwa befu, amene anaona kuti malo atha n'kuyamba kubwerera. Nazenera anayang'ana ambulera ija, nayang'ana ulendo wonse umene unali kutsogolo, wa lero, wa Lolemba, wa masiku onse otsala a moyo wake. Anachotsa phazi.

"Kwerani inu, mayi," anatero. Kenako anatembenukira kwa kondakitala. "Yadzaza. Tsekani."

Kondakitala safunsa kawiri. Beseni linalowa, mwini wake n'kulowa, chitseko n'kukhuluma, ndipo dalaivala, amene anaona minibasi ina ikubwera kudzamulanda anthu a kutsogolo, anaponda moto. Pa galasi lakumbuyo panaoneka nkhope ya a Katswiri, pakamwa pakutseguka ndi kutseka. Nazenera anadziwa mawu amene pakamwapo pankanena, koma galasi ndi phokoso la msewu zinawameza. Anawamvera chisoni chenicheni, chifukwa munthuyo sanalakwe china koma kukonda mosafunsa, ndipo anali asanachitidwepo chipongwe chotere pagulu. Anadziwanso kuti sangatsike panjira. Nkhalamba imene yameta ndevu chifukwa cha anzake siibwezedwa isanawaone, ndipo mwana amene wanyamula mpira sabwezedwa asanauponye. Adzafika kumapeto, adzakhalako, ndipo pobwerera msewu udzawasunga mmene umasungira aliyense. Madzulo kudzakhala mlandu wina pabalaza, waukulu kuposa woyamba uja, ndipo iye anali wokonzeka kuuyankha.

Anatembenuka kuti azipita kunyumba, kumene kwa nthawi yoyamba kunalibe munthu. Anayenda pang'ono n'kuima. Anakumbukira mbale za m'mawa zili m'sinki, zovala zonyika m'beseni, makiyi a kampani ali pa msomali, foni ili patebulo. Nyumba nayo imadziwa kuitana, ngakhale eni ake atachoka.

Ndiye anabwerera pa siteji. Panali benchi la simenti losweka mbali imodzi, lotentha kale ndi dzuwa, ndipo anakhala pamenepo n'kuvula nsapato. Malole ankadutsa, utsi unkamuphimba, mahutala ankalira, anthu ankamupondaponda zala pothamangira minibasi zawo. Misozi inabwera yokha, ndipo iye sanaifulumizitse kapena kuibisa. Analira mwachifatse, mpaka mapewa anamasuka. Mwa anthu onse a mumzinda umenewo amene anadutsa pamaso pake m'mawa umenewo, sipanapezeke ndi mmodzi yemwe womukonda mokwanira kuti amufunse chimene chavuta.